Wochiritsa ndi Allah, Nanga Namwino Ndi wa Chiyani?



Ine ndine namwino, ndipo chino ndi chaka changa chachinayi pa chipatala china cha boma. Nthawi yambiri ndakhala ndili ku wodi ya abambo. Funso lili pamwambali anandiponyera ndi amalume anga tsiku la Eid, tikudya mpunga pakhonde. Iwo ndi munthu wa nthabwala, koma tsikuli sankaseka. Anati, "Mwanawe, tandiuza. Wochiritsa ndi Allah. Tsiku la munthu likakwana, olo mumuike madripi khumi amapita ndithu. Ngati silinakwane, amadzuka olo asanamwe Panado. Ndiye iweyo kuchezera usiku wonse, kugwira zonyansa za anthu osawadziwa, mwina Fajr kuiswali dzuwa litatuluka, ukutsatanji kwenikweni?"

Ndinawayankha zomwe aliyense wodutsa ku madrasa angayankhe. Ndinati Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kufunafuna mankhwala, ndipo anatiuza kuti nthenda iliyonse ili ndi mankhwala ake. Ndinawakumbutsanso za munthu wa ngamira uja, yemwe anauzidwa kuti ayambe waimanga kenako atsamire kwa Allah. Amalume anagwedeza mutu n'kupitiriza kudya. Wotsala ndi funso ndinali ine. Yankho langa linali loona, koma linkangokhudza odwala omwe amachira. Nanga aja omwe tonse, dokotala, namwino ndi achibale, timadziwa kuti sadzabwereranso kunyumba akuyenda okha? Kwa iwowo ntchito yanga ndi yotani?

Yankho ndinali nalo kale, kungoti ndinkachita manyazi kulinena pakhonde paja, chifukwa ndinaliphunzira usiku womwe ndinalakwitsa.

Munali m'chaka changa choyamba. Tinalandira agogo ena aamuna a zaka za m'ma 70, atachita sitiroko. Mbali yonse yakumanja inali itafa, mawu sankamveka bwino. Gadiyani wawo anali mkazi wawo, nawonso okalamba, omwe usiku akatopa ankakagona pakhonde atafunda chitenje. Tsikulo tinali pa naiti awiri, ine ndi asisitala. Wodi inali itadzaza, ena atagona pansi pa matiresi pakati pa mabedi. Cha m'ma 2 koloko usiku, ndikuzungulira ndi mankhwala, ndinamva fungo. Agogo aja anali atadzionongera pabedi.

Ndinali nditatopa, msana ukuwawa, m'mimba mulibe kanthu. Sindikunena izi kuti ndidziyeretse ayi. Ndinavundukula bulangeti lonse n'kuyankhula mokweza, wodi yonse kumva: "Aaa agogo! Osanena bwanji? Gadiyani wanu ali kuti?" Tangoganizani, "osanena bwanji" kwa munthu yemwe lilime lake silikutembenuka. A pamabedi oyandikana anadzutsa mitu. Agogo aja sanandiyang'ane. Ndi dzanja lamanzere, lokhalo lomwe linkagwira ntchito, anayamba kufufuza nsonga ya bulangeti n'kumaikokera kuti aphimbe maondo awo. Anakoka katatu konse, bulangeti likuwapulumuka.

Asisitala anafika osandiyankhula ine. Iwo ndi Akhristu, mayi wa Mvano, ndipo akhala pantchitoyi zaka zambiri. Anayamba ndi kukoka sikirini n'kutchinga bedi. Kenako anawerama n'kunena chapansipansi, "Agogo, pepani, tikusambitseni pang'ono." Anandituma madzi ofunda. Posambitsa ankavundukula malo okhawo omwe akupukuta, kwina konse kuli kophimba. Titamaliza tinawatembenuza, asisitala n'kuyang'ana kumsana ndi m'chiuno ngati mwayamba zilonda, n'kuwadzoza mafuta. Zonsezi sizinathe mphindi 20. Titabwerera patebulo pathu anangoti, "Mwana wanga, timayamba ndi sikirini. Zina zonse zimabwera pambuyo."

Kutatsala pang'ono kucha ndinaona agogo aja akumenyamenya khoma ndi chikhatho, kenako n'kudzisisita kumaso. Ndinatsala pang'ono kulemba mu fayilo kuti asokonezeka mutu. Mkazi wawo ndi amene anandimasulira: "Akupanga tayammam, mwana wanga, nthawi ya Fajr yakwana. Awa aphunzitsa ana madrasa zaka zambiri kwathu." Ine Msilamu, mpango uli kumutu, osazindikira. Munthu amene ndinamuyalutsa pamaso pa wodi yonse anali ndi nkhawa yake usiku wonse: kodi nthawi ya Swala indipeza ndili woyera?

Agogo aja sanachire. Anamwalira patatha masiku 9. Tikatengera masamu a amalume, ntchito yonse ya masiku amenewo inangopita m'madzi. Koma ine ndikudziwa kusiyana kwa usiku woyamba uja ndi masiku otsatirawo, ndipo agogowo ankakudziwa kuposa ine.

Chomwe ndinaphunzira ndi ichi. Matenda amalanda munthu zinthu ziwiri. Choyamba ndi mphamvu za thupi. Chachiwiri ndi tinthu tomwe munthu wamkulu amadzichitira yekha popanda wina kuona: kupita kuchimbudzi, kusamba, kudziphimba, kutembenuka pogona, kunyamula kapu ya madzi. Mankhwala amalimbana ndi choyambacho, ndipo mathero ake ali m'manja mwa Allah, monga momwe Ibrahim (AS) anavomerezera mu Surah Ash-Shu'ara. Koma chachiwiricho Allah anachisiya m'manja mwa anthu omwe azungulira bedi. Dripi siingaphimbe maondo a munthu. Surah Al-Isra imatiuza kuti Allah analemekeza ana a Adam, ndipo palibe pomwe imati ulemuwo umatha munthu akalephera kudzithandiza yekha. Namwino ndi amene amasunga ulemu umenewo pa nthawi yomwe mwini wake walephera kuusunga.

Ku sukulu tinaloweza tanthauzo la unamwino lomwe analemba Virginia Henderson, namwino wa ku America. Mwachidule limati ntchito yathu ndi kumuchitira munthu zomwe akanadzichitira yekha akanakhala ndi mphamvu, chifuniro kapena chidziwitso, kuti achire, kapena kuti amwalire mwamtendere. Ndinakhoza nalo mayeso, koma mbali yomaliza ija ndinkangoidumpha. Mpaka usiku wa agogo aja.

Mbiri yathu yomwe imanena zimenezi. Ambiri tinamvapo za Rufaida al-Aslamiya, yemwe amatchedwa namwino woyamba m'Chisilamu. Anali ndi tenti pa mzikiti wa Madina momwe ankasamaliramo ovulala. Pa nkhondo ya Khandaq, m'chaka cha 627, Sa'd ibn Mu'adh, mtsogoleri wa fuko la Aws, analasidwa muvi pa mtsempha wa pamkono. Mtumiki (SAW) analamula kuti amuike mu tenti ya Rufaida kuti azimuzonda ali pafupi. Tsono chomwe sitikonda kunena ndi chakuti Sa'd anamwalira ndi bala lomwelo. Wodwala wodziwika kwambiri wa Rufaida sanachire. Komabe palibe Msilamu yemwe amati mayiyu analephera ntchito. Timamukumbukira chifukwa mnzake wa Mtumiki anapeza mthunzi, madzi ndi manja omusamalira mpaka tsiku lake linakwana.

Ndipo sanali yekha. Ku Uhud, m'chaka cha 625, Mtumiki (SAW) atavulala kumaso, Fatimah ndi amene ankatsuka bala, Ali akuthira madzi. Ataona kuti magazi sakusiya, Fatimah anaotcha kachidutswa ka mphasa n'kuika phulusa pabalapo, magazi n'kuleka. Al-Rubayyi bint Mu'awwidh anafotokoza kuti amayi ankamwetsa madzi, kusamalira ovulala ndi kubweza omwalira ku Madina. Pa 12 May chaka chilichonse anamwino timakondwerera tsiku lathu, lomwe ndi tsiku lobadwa la Florence Nightingale, mayi amene anatsogolera anamwino ku Scutari mu 1854. Ulemu wake ndi woyenera. Koma ifeyo tizidziwanso kuti tenti ya Rufaida inaimikidwa zaka zoposa 1,200 iye asanafike ku Scutari.

Ndikudziwa kuti funso la amalume lili ndi nthambi zina, ndipo si bwino kuzinyalanyaza.

Nthambi yoyamba ndi ya najisi ndi maliseche. Pali amayi ena omwe anandifunsapo poyera kuti, "Mtsikana wa Chisilamu kumasambitsa amuna, zimenezo n'zoona?" Sindiwanyoza, chifukwa manyazi ndi gawo la chikhulupiriro chathu. Ma ulama amanena kuti pamene zikutheka, mwamuna asamaliridwe ndi mwamuna, mkazi ndi mkazi. Pamene sizikutheka, kufunika kwa chithandizo kumaloleza, koma mwa mlingo wa kufunikako basi. Ndiye ndimavala magolovesi, ndimavundukula pokhapo pofunika, ndimaitana gadiyani kapena mnzanga wamwamuna akakhalapo. Mukaonetsetsa, zomwe fiqh imanena ndi zomwezija anachita asisitala usiku uja. Za najisi, imachoka ndi madzi, ndipo mayi aliyense wolera khanda amaigwira tsiku ndi tsiku popanda wina kumukayikira Chisilamu chake. Za Swala, sindinama, zimavuta. Koma Swala ndi mphindi zochepa, ndipo anzanga, ambiri mwa iwo Akhristu, amandigwirira wodi ndikawapempha, inenso ndimawagwirira Lamlungu.

Nthambi yachiwiri ndi ya malipiro. Wina anandilembera kuti, "Musamatinamize za ibada, inu mumalandira kumapeto kwa mwezi." Zoona, ndimalandira, ndipo ndikapanda kulandira sindingalipire lendi. Koma malipiro a halal safafaniza niya. Boma limandilipira kuti ndipereke jekeseni nthawi yake ndi kulemba mu fayilo. Silingathe kundilipira kuti ndiyankhule chapansipansi. Palibe bwana yemwe amadziwa ngati madzi osambitsira anali ofunda kapena ozizira nthawi ya 2 koloko usiku. M'malo amenewo, momwe mulibe woyang'anira, ndi momwe munthu amadziwira kuti akugwirira ndani.

Nthambi yachitatu ndi yoopsa kwa ife okonda chipembedzo: kuganiza kuti mtima wabwino ndi wokwanira. Ayi ndithu. Namwino wa Bismillah pakamwa koma wolakwitsa mlingo wa mankhwala ndi woopsa. Wodwala wosatha kudzitembenuza akagona mbali imodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamalo pomwe fupa lapanikiza khungu, ndipo pamatuluka chilonda chomwe chingafike pafupa. N'chifukwa chake timawatembenuza maola awiri alionse. Wodwala sitiroko ukamumwetsa phala atagona chagada, likhoza kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Duwa siilowa m'malo mwa kudziwa zimenezi. Amene tinagwira ntchito nthawi ya kolera, yomwe inayambira ku Machinga mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tinaziona. Bedi la kolera limakhala ndi bowo pakati ndi ndowa pansi. Munthu amataya madzi ambiri m'maola ochepa, ndipo moyo wake umadalira namwino yemwe akuwerenga zotuluka ndi zolowa, kumumwetsa ORS, kuthamangitsa dripi pamene pakufunika. Koma pabedi lomwelo, munthu ali pabowo, chitenje chomuphimba chimafunikabe. Ihsan ndi zonse ziwiri pamodzi, luso ndi ulemu.

Pali amana inanso yomwe achinyamata a mafoni tiyenera kuimvetsa. Namwino amaona zinthu zomwe ngakhale mkazi wa munthu sadziwa. Amadziwa yemwe akumwa ma ARV, yemwe anapita padera, yemwe anayesa kudzipha. Zimenezi si za pa gulu la WhatsApp, ngakhale la ku mzikiti, ngakhale zitayamba ndi mawu akuti "tiwapangire duwa". Nkhani ya agogo aja ndaisintha zina ndi zina, ndipo sindinatchule dzina kapena mudzi, pa chifukwa chomwechi. Kuphimba maondo a wodwala ndi kuphimba chinsinsi chake ndi ntchito imodzi.

Ndipo ulemu umenewu sufunsa chipembedzo. Mtumiki (SAW) anaimirira pamene maliro a Myuda ankadutsa, ndipo atauzidwa kuti ndi a Myuda, anakumbutsa maswahaba kuti nayenso ndi mzimu wa munthu. Ku wodi kwanga ambiri si Asilamu. Wodwala akandipempha kuti ndimuitanire abusa kapena ansembe, ndimaitana. Msilamu akafika kumapeto, ndimakumbutsa achibale kuti amutchulire Shahada modekha, osamukuwira. Sindisandutsa bedi kukhala mimbari. Munthu yemwe akudalira ine kuti amwe madzi sangathe kundikaniza momasuka, ndiye kumulalikira pamenepo kungakhale kugwiritsa ntchito kufooka kwake.

Mawu amodzi kwa omwe amakonda kuuza anamwino kuti "pirirani, malipiro anu ali kwa Allah". Mawuwo ndi oona, koma asakhale chivundikiro. Namwino mmodzi akapatsidwa wodi yodzaza, magolovesi atatha, mankhwala kulibe, ndiye kuti wina penapake walephera amana yake. Kulakwa kwanga kwa usiku uja ndi kwanga, sindikukankhira wina. Komabe anamwino otopa amalakwitsa kawirikawiri kuposa opuma bwino, ndipo wovutika amakhala wodwala. Kupempha kuti anamwino achuluke ndi kuti zipangizo zipezeke ndi gawo la kusamalira wodwala yemweyo.

Tsono kwa inu omwe mwalemba MSCE ndipo mukuganiza kolowera. Imam al-Ghazali, yemwe anamwalira mu 1111, anadandaula kuti m'matauni ambiri a nthawi yake anthu ankathamangira kuphunzira tinthu tozama ta fiqh pomwe dokotala wa Chisilamu kunalibe, chikhalirecho zachipatala ndi fardh kifaya, udindo womwe ukapanda woutenga, gulu lonse limakhala pa mlandu. Kwathu kuno nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Makolo athu ambiri ankaopa kutumiza ana ku sukulu za mishoni poopa kuti akawasintha chipembedzo, ndipo zotsatira zake n'zakuti kwa zaka zambiri agogo athu akadwala ankasamaliridwa ndi ana a anzathu. Mpaka lero zipatala zambiri za kumidzi ndi sukulu zambiri za unamwino zili pansi pa CHAM. Tiziwathokoza, ineyo woyamba, chifukwa sikirini ndinaphunzitsidwa ndi mayi wa Mvano. Koma ifenso tibweretse manja athu. Kuli KUHeS, kuli Malawi College of Health Sciences, kuli makoleji ena ovomerezeka ndi Nurses and Midwives Council of Malawi. Anyamata, izi zikukhudzanso inu. Ngati timafunadi kuti abambo athu azisambitsidwa ndi amuna anzawo, amunawo achokera kuti ngati nonse mukuti unamwino ndi wa atsikana?

Ndipo si onse adzavale yunifolomu, koma pafupifupi tonse tidzakhalapo gadiyani. M'zipatala zathu gadiyani ndi amene amaphika phala, kuchapa, kunyamula wodwala kupita naye kubafa. Tsiku lidzakwana loti mayi anu kapena bambo anu adzafune zimenezi kwa inu. Musadzakwinye nkhope iwo akuona. Musadzayankhule za iwo ngati kuti palibe, pakuti ambiri omwe satha kuyankhula amamva zonse. Mudzawakumbutse kuti wodwala amaloledwa kuswali atakhala pansi, akalephera atagona cham'mbali, ndi kupanga tayammam ngati madzi angamupweteke kapena sangathe kuwagwiritsa ntchito. Mukapita kukazonda odwala, musakhalitse, musakhale pabedi pake anthu asanu, musajambule. Mu Sahih Muslim muli hadith yomwe imandiopsa ndi kundilimbikitsa nthawi imodzi. Imatiphunzitsa kuti Tsiku la Chiweruzo munthu adzafunsidwa za wodwala yemwe sanamuzonde, n'kuuzidwa kuti akanapita akanapeza Allah pamenepo. Ndikaikumbukira ndimadzifunsa: ngati zili choncho kwa mlendo wa mphindi khumi, nanga ine wokhala pambali pa bedi usiku wonse, mawu anga aja ndinawayankhula pamaso pa ndani?

Usiku wotsatira ndinapita pabedi la agogo aja, n'kutchinga sikirini, n'kugwada kuti nkhope zathu zifanane. Ndinati, "Agogo, dzulo ndinakulakwirani. Mundikhululukire." Anayankha, koma mawu awo sindinawamve, ndipo mkazi wawo anali atatuluka. Mpaka lero sindidziwa chomwe ananena. Chomwe ndinatha kuchita ndi kuonetsetsa kuti nthawi ya Fajr isanakwane akhale atasambitsidwa ndi kusinthidwa zofunda. Mkazi wawo anabweretsa kambale ka dothi louma loyera, tinkakasunga mu lokala, kuti asamavutike kufikira khoma.

Tsiku lomwe anamwalira sindinali pantchito. Mkazi wawo anandisiyira uthenga kwa asisitala, wakuti, "Mukamuuze mwana uja kuti apita ali oyera."

Amalume sindinawauzebe nkhaniyi, koma amawerenga tsamba lino, ndiye aiona. Amalume, munanena zoona, wochiritsa ndi Allah, ndipo tsiku la munthu sindingalisunthe ngakhale ndi mphindi imodzi. Za tsikulo sindidzafunsidwa. Ndidzafunsidwa za bulangeti.

Allah achiritse odwala athu, awachitire chifundo omwe anatsogola, ndipo afewetse manja ndi malilime a onse osamalira odwala, m'zipatala ndi m'makomo. Mundikumbukire m'maduwa anu, sabata ino ndili pa naiti.